Sikani ya bambo yatuluka: tigulitse ng'ombe tikajambulitsenso?

NaPhiri_Chamama
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru, makamaka kwa inu a chipatala ndi amene munadwazikapo munthu wa sitiroko. Bambo anga, a zaka 63, anagwa sabata yatha akuchokera kuchigafa. Dzanja ndi mwendo wakumanja zafooka, pakamwa papotoka, mawu sakutuluka bwino ngakhale zomwe tikunena akumva. Anatitumiza ku Lilongwe ndipo mawa lake anawajambula m'mutu. Papepala alemba kuti "left MCA infarct, hyperdense MCA, ASPECTS 7, chronic small vessel disease, no haemorrhage". Adokotala anati mtsempha unatsekeka, sunaphulike. Anatipatsa aspirin, mankhwala a BP ndi ena ochepetsa mafuta m'magazi, pano tili kunyumba.

Nkhani yavuta pabanja. Achimwene anga ali ku Joni akuti sikani imeneyi ndi yosakwanira, tigulitse ng'ombe ziwiri tipite nawo ku Blantyre akajambulidwe MRI ndi ina yoonetsa mitsempha yeniyeniyo, kuti tidziwe ngati adzayendenso. Amalume akuti ndi kutaya ndalama. Ng'ombezo ndi zangolo, ndi zomwe timatutira fodya. Kodi sikani ingatiuzedi kuti munthu adzachira?

Chatoloma_77
Pepani asisi. Musafulumire kugulitsa, a chipatala alipo pano ayankha.

MwanaWaMlimi
Ine ndili mbali ya achimwene anuwo. Ng'ombe mudzagula zina, bambo simudzapeza ena.

Wojambula_CT
Achemwali, ntchito yanga ndi yojambula odwala. Si ine dokotala wa bambo anu, koma pepalalo ndikuthandizani kuliwerenga kuti mukabwerera kuchipatala mukafunse zolunjika.

Yambani ndi mawu omalizawo, akuti magazi sanatayikire muubongo. Sitiroko ilipo ya kuphulika kwa mtsempha ndi ya kutsekeka, ndipo pongomuyang'ana wodwala simungasiyanitse. N'chifukwa chake aspirin anawapatsa atajambula kaye.

MCA ndi nthambi yaikulu ya mtsempha wokwera kuchokera m'khosi, imene imadyetsa ubongo cha m'mbali mwa mutu, pamwamba pa khutupa. Left akunena kuti watsekeka ndi wakumanzere. Ubongo wakumanzere umayendetsa thupi lakumanja, ndipo mwa anthu ambiri malo a chilankhulo ali komweko. Ndiye dzanja lamanja ndi mawu zavutira limodzi. Hyperdense akunena kuti mtsemphawo unaoneka woyera kuposa unzake wa mbali inayo, chizindikiro choti m'kati munali magazi oundana.

ASPECTS ndi kawerengedwe kamene madokotala a ku Calgary, m'dziko la Canada, anatulutsa mu 2000. Dera lodyetsedwa ndi MCA amaligawa zigawo 10, ndipo chigawo chilichonse chooneka chowonongeka amachotsera 1. Kwa bambo anu zitatu zakhudzidwa, zisanu ndi ziwiri zikuoneka bwino. Amene ali pa 8 mpaka 10 ambiri amachira bwino, 7 ili pamalire, pansi pa 5 ndiye kuti pawonongeka kwambiri. Kwa munthu amene mtsempha waukulu unatsekeka n'kujambulidwa mawa lake, 7 ine siindidetsa nkhawa kwambiri. Nthawi zambiri imasonyeza kuti timitsempha tam'mbali, tochokera ku mitsempha yoyandikana nayo, tinapitiriza kubweretsa magazi. Zili ngati mlatho wa pa M1 ukakokoloka, galimoto zimazungulira m'misewu yafumbi ya m'midzi, katundu amafika ndithu koma wochepa ndiponso mochedwa. Anthu timasiyana: wina timitsempha timeneti ali nato tambiri, wina tochepa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene awiri otsekeka mtsempha womwewo amachirira mosiyana.

Chimene chikundikhudza ndi small vessel disease. Timitsempha tating'ono ta m'kati mwa ubongo takhala tikuwonongeka kwa zaka, kawirikawiri chifukwa cha BP kapena shuga. Zizindikiro zimenezi zikachuluka munthu amachira mochedwerapo, ndipo sitiroko ina sikhala patali ngati BP siyagwiridwa.

NaPhiri_Chamama
Mwatitsegula m'maso a Wojambula. BP anawapeza nayo kalekale, koma mankhwala ankamwa pokhapokha mutu ukamawapweteka.

MwanaWaMlimi
Mwamva nokha. Timitsempha tam'mbali timeneto sikani yoyambayo siitionetsa, a Wojambula akungoyerekeza kuchokera pa nambala. Bwanji osajambula inayo muone ndi maso?

Wojambula_CT
Mukunena zoona achimwene, imene imationetsa bwino ndi CT angiography. Amabaya mankhwala okhala ndi iodine mumtsempha wa padzanja, atayeza kaye impso, ndipo mitsempha yonse ya m'khosi ndi m'mutu imawala pa kompyuta. Koma funsani kuti imathandiza liti. Mtsempha ukatsekeka pamakhala kachigawo kamene kamafa msanga, ndi chigawo chozungulira chimene chikuvutika koma chikadali ndi moyo. Sikani imeneyo ntchito yake yaikulu ndi maola oyamba, pamene chigawo chozunguliracho chikhoza kupulumutsidwa. Jakisoni wosungunula magazi oundana, alteplase, amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka. Kuchokera mu 2015, kafukufuku wa MR CLEAN wa ku Netherlands ndi ena atatuluka, mayiko olemera anayamba kulowetsa kachubu kuchokera m'chuuno mpaka muubongo n'kukoka magazi oundanawo. Mu 2018 anaonetsa kuti kwa odwala ena, amene sikani ikusonyeza kuti chopulumutsa chikadalipo, zimatheka mpaka maola 24.

Kwa bambowa padutsa sabata. Chigawo chija ngati chinali chopulumuka chapulumuka, ngati chinali chakufa chafa. MRI idzaonetsa bala lomwelo momveka bwino, inde, koma mwayi ndi waukulu woti mudzabwerako ndi mankhwala omwe muli nawo kalewo. Funso lokafunsa adokotala ndi limodzi: sikani iyi ikatuluka mwakuti kapena mwakuti, musintha chiyani pa chithandizo? Akakuuzani chimene asinthe, jambulitsani. Akapanda kutchula, ndalamazo zili ndi ntchito ina.

MwanaWaMlimi
Mayi anga anamwalira ndi sitiroko osajambulidwa n'komwe. Mpaka lero sitidziwa ngati mtsempha unaphulika kapena unatsekeka, ndipo tinkawamwetsa aspirin kunyumba. Zimenezi zimandidya. Ndiye ndikamva munthu ali ndi mpata wojambulitsa, mtima wanga sulola kumuletsa.

Namwino_waMtunthama
Pepani kwambiri achimwene. Koma taonani kusiyana kwake: sikani imene mayi anu sanaipeze ndi imene bambo a NaPhiri aipeza kale. Yoyambayo palibe akuikana pano.

BamboAChiso
Zoti aspirin zija ndifunse. Ife kuno kwa Wimbe kukafika ku Lilongwe ndi ulendo, ku boma kokha ndi nkhani ya kabaza ndi matola, kuchoka apo makilomita oposa 120. Mnzanga wina anandiuza kuti munthu akangogwa mum'tafunitse aspirin pompo. Si bwino kutero podikira galimoto?

Namwino_waMtunthama
Ayi bambo, chonde musatero. Malangizo amenewo ndi a munthu amene mtima wam'gwira, wakumva kupweteka pachifuwa. Wa sitiroko ngati mtsempha waphulika, aspirin amawonjezera kutaya magazi, ndipo kuno ku Africa sitiroko za kuphulika ndi zambiri kuyerekeza ndi ku Ulaya, chifukwa cha BP yosathandizidwa. Chinanso, ambiri amalephera kumeza, ndiye chilichonse mwamuika m'kamwa chikhoza kulowera kumapapo. M'gonekeni cham'mbali, musam'patse madzi kapena phala, kumbukirani nthawi imene munamuona ali bwino komaliza, n'kuthamanga naye. Ngakhale zizindikiro zitatha zokha pakapita mphindi zochepa, pitanibe, chifukwa yaikulu ikhoza kubwera m'masiku otsatira.

NachisaleWaSanthe
Ine zamasikani zinandisokoneza mutu. Amuna anga anawajambula, adokotala anationetsa kadontho kakang'ono ngati nsawawa, ife n'kusangalala kuti ndi zazing'ono. Patha chaka tsopano, akuyenda ndi ndodo koma dzanja silinabwerere, khasu sagwira. Pomwe mayi wina wa ku mpingo kwathu anauzidwa kuti pawonongeka papakulu, lero akusinja yekha. Ndiye sikaniyo imanena chiyani?

Fizo_KU
Amayi, zomwe mwaonazo ife a mafizo timaziona kawirikawiri. Kukula kwa bala ndi nkhani ina, malo ake ndi nkhani inanso. Minyewa yonse yolamula dzanja ndi mwendo imachokera pamwamba pa ubongo ili yomwazikana, kenako imadzathithikana pakanjira kopapatiza m'kati, kotchedwa internal capsule, isanatsikire kumsana. Kabala kakang'ono pamenepo kamadula yambiri nthawi imodzi. Bala lalikulu limene laphonya njirayo likhoza kusiya munthu akugwira ntchito. A NaPhiri, kafunseni kuti zigawo zitatu zimene zachotsedwa pa 10 zija ndi ziti, ndipo internal capsule ili m'gulumo kapena ayi.

Koma pa za dzanja pali mayeso amene mungachite nokha pamkeka, ndipo ndimawakhulupirira kuposa chithunzi. Akhazikeni tsonga. Auzeni akweze mkono wodwalawo cham'mbali, kuchokera paphewa. Kenako dzanja lili pantchafu, auzeni atambasule zala. Osati kufumbata, kufumbata kumabwera msanga ndipo kumanamiza, koma kutambasula. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2010 anapeza kuti odwala amene ankatha ziwirizi, ngakhale pang'ono chabe, m'masiku atatu oyamba, pafupifupi onse dzanja linayamba kugwira ntchito pofika miyezi 6. Mwa amene sankatha, anali pafupifupi mmodzi mwa anayi.

Chachiwiri, kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu yoyamba. Kumapitirira pambuyo pake, koma pang'onopang'ono. Ndiye masabata amenewa ndi a mtengo wapatali, ndipo ndimadandaula ndikaona banja likuwathera pa maulendo pamene wodwala wangogona. Bambo azidzutsidwa kangapo patsiku, nthawi zifupizifupi: kukhala pamphepete pa bedi, kuimirira atagwiriridwa, kusamutsa thupi kuchoka mwendo uwu kupita uwo. Powadzutsa musawakoke dzanja lodwalalo, phewa limaguluka ndipo ululu wake umaimitsa zonse. Akagona liikeni pa pilo. Za mawu, musamawayankhire. Afunseni zinthu zoyankha mwachidule, adikireni, muziimba nawo nyimbo za ku tchalitchi zimene amazidziwa, chifukwa ambiri olephera kulankhula amatha kuimba.

NaPhiri_Chamama
Ndangoyesa kumene. Mkono akukweza pang'ono, chala chamkombaphala ndi chapakati zikusuntha koma movutikira. Mayi alira.

Fizo_KU
Chizindikiro chabwino chimenecho, ngakhale padutsa masiku oposa atatu aja. Sindikulonjeza kuti dzanja lidzabwerera mwakale, koma njira ija siinaduke yonse. Azichita tsiku lililonse, ndi zinthu zenizeni: kapu yapulasitiki, chitsononkho, sopo.

AgogoAKaomba
Ana inu mukukamba za makina, koma nanenso ndinenepo. Munthu fodya wake wachita bwino chaka chino, wagwa ali kuchigafa kwenikweniko. Zimenezi osazifufuza kwa akuluakulu? Kwathu kuno munthu wotere timam'temera mphini mbali yakufayo, ena amadzuka.

Chatoloma_77
Agogo, BP siona kuti fodya wachita bwino kapena ayi.

Namwino_waMtunthama
Agogo, ndikulemekeza mawu anu, ndipo ndikudziwa kuti mukunena pofunira banjali zabwino. Amene amadzuka atatemeredwa aja ndi omwe akanadzukabe, chifukwa ubongo umachita kuphwa ndi kudzikonza m'masabata oyamba. Koma bambowa akumwa aspirin, magazi awo sachedwa kutuluka, ndipo mbali yofookayo zilonda zimavuta kupola. Mphini ayi. Komanso chithunzi chaonetsa kuwonongeka kwa zaka zambiri, kumene kunayamba fodya wa chaka chino asanafesedwe n'komwe. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Mapemphero apitirire, achibale abwere adzawaone, koma mankhwala asadukize.

BamboAChiso
Komatu fodya wachita bwino kuti? Mtengo wa feteleza ndi umenewu, matenanti akufuna zawo, ukafika ku okushoni mabelo akubwezedwa. BP ikwera bwanji osakwera.

MwanaWaMlimi
Apo ndiye mwalasa. Chaka chamawa ine ndikulowa soya basi.

Chatoloma_77
Soya naye mavenda akumugula motchipa, musanamizidwe. Bola mtedza.

NachisaleWaSanthe
Abale, mwana wa eni wafunsa za bambo ake, za soya mukakambirane ku msika. Koma poti mwatchula fodya, amuna anga anali a chingambwe kuyambira ali mnyamata, ndipo adokotala anati chimenecho ndi mchere ndi zomwe zinawononga mitsempha. Anatiuza kuti mchere wa tsiku lonse usapose magalamu 5, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma womwe. Soda wa mu therere nayenso anati tichepetse.

Mphatso_wa34
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko. Ine sitiroko inandigwira ndili ndi zaka 34, BP ndilibe, fodya sindisuta. Ndinali nditangoyamba kumene ma ARV, chitetezo chitatsika kale kwambiri chifukwa ndinachedwa kuyezetsa. Sikani inaonetsa mabala ang'onoang'ono m'malo angapo, ndipo adokotala anati kachilombo kamatupitsa makoma a mitsempha ya muubongo. Pambuyo pake ndinamva za kafukufuku amene anachitikira ku Queen Elizabeth ku Blantyre, wotuluka mu 2016, amene anapeza kuti kuno ku Malawi BP ndi HIV ndi zomwe zikutsogolera pobweretsa sitiroko, ndipo chiopsezo chimakula m'miyezi 6 yoyamba munthu atayamba mankhwala. Achibale ankati ndisiye ma ARV, adokotala anakaniza, ndipo ndikuthokoza kuti ndinamvera adokotala. Lero ndikupalasa njinga, kungoti mwendo umakoka ndikatopa. A NaPhiri, bambo ayezedwe magazi ngakhale ndi achikulire. Si chipongwe, ndi mbali ya kufufuza.

Wojambula_CT
Zikomo a Mphatso, mwandikumbutsa chimene ndimafuna kuwonjezera. Pali mayeso otchipa kuposa MRI amene angasinthedi chithandizo, chifukwa amafufuza kumene magazi oundanawo anachokera. ECG ione ngati mtima ukugunda mosalongosoka. Ngati ndi choncho aspirin sakwanira, pamafunika mankhwala amphamvu oletsa magazi kuundana, monga warfarin kapena anzake. Sikani ya mtima, chifukwa kuno ma valve, tizitseko ta mumtima, owonongeka ndi matenda a paubwana ndi ambiri. Ultrasound ya mitsempha ya m'khosi, makina ake ndi onga aja ojambulira amayi oyembekezera. Kenako shuga, impso, HIV ndi chindoko.

Phiri_kuJoni
Moni nonse, ndine mchimwene wake wa NaPhiri, wangondilowetsa kumene. Ndawerenga zonse ndipo zikomo. Sindikufuna kusaukitsa banja, kungoti kukhala kutali bambo akudwala n'kowawa, ndipo ndimafuna ndichitepo kanthu kooneka. Koma funso langa silinayankhidwe. Kuno ndamva kuti anthu akuda mitsempha ya m'mutu imathina kwambiri, ndipo amaikamo kawaya koitsegula. Ngati wa bambo ndi wothina, tidziwa bwanji osajambula? Tingodikira itsekekenso?

Wojambula_CT
Takulandirani achimwene, funso lanu ndi lomveka. Ndi zoona kuti kuthina kwa mitsempha ya m'kati mwa mutu kumapezeka kwambiri mwa anthu a ku Africa ndi ku Asia kuposa azungu, ndipo ndi CT angiography kapena MRI imene imakuonetsa. Koma za kawaya kaja, stent, zinayesedwa. Kafukufuku wa SAMMPRIS ku America anaimitsidwa msanga mu 2011 chifukwa odwala oikidwa stent ankagwidwa sitiroko kapena kumwalira m'mwezi woyamba kuposa amene ankangolandira mankhwala mwakathithi. Ndiye ngakhale kumene muliko, chithandizo choyamba cha mtsempha wothina m'mutu ndi kutsitsa BP, statin (mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi aja), aspirin, kusiya fodya ndi kuyenda. Chimene chingasinthe ndi choti adokotala akhoza kuwonjezera clopidogrel, mankhwala ena oletsa magazi kuundana ngati aspirin, kwa miyezi yochepa, koma amayamba aona kukula kwa bala, poopa kutaya magazi. Limeneli kafunseni mwachindunji. Akati akufuna angiography kuti agamule za clopidogrel, pamenepo pali chifukwa, ndipo muyambe mwafunsa ngati ingatheke ku Lilongwe komweko musanaganize zonyamula wodwala mpaka ku Blantyre.

MwanaWaMlimi
Ine ndikanajambulitsabe. Koma ndamva.

Fizo_KU
A Phiri, poti mukufuna chooneka: makina oyezera BP a kunyumba, thiransipoti yobwera ku mafizo sabata ndi sabata, mankhwala mwezi umene asowa, ndodo ya miyendo inayi, ndi mpando wa chimbudzi kuti asamanjute. Ndipo pakhale munthu wopumitsa mayi, chifukwa odwazika amagwa nawonso.

Phiri_kuJoni
Makina a BP nditumiza ndi basi ya sabata ino. Achemwali, muzilemba manambala m'kabuku m'mawa ndi madzulo, muzindijambulira.

NaPhiri_Chamama
Chabwino achimwene. Tsiku lobwerera kuchipatala ndi Lachinayi, mafunso onse ndalemba kuseri kwa kabuku kawo. Ndifunseko china chaching'ono. Akamamwa madzi kapena tiyi akumatsamwa n'kutsokomola, mawu n'kumamveka ngati muli madzi pakhosi. Phala lolimbako akumeza bwino. Usiku wapitawu atsokomola kwambiri. Zimenezi zimatha zokha?

Namwino_waMtunthama
Achemwali, chimenechi si chaching'ono, chaposa zonse takambirana pano. Madziwo akulowera kumapapo, ndipo chibayo chotere ndi chimene chimapha odwala sitiroko ambiri m'masabata oyamba. Zamadzimadzi zimathamanga pakhosi asanakonzeke kumeza, n'chifukwa chake phala lolimba likudutsa. Pakadali pano musawapatse madzi kapena tiyi wapakapu. Chilichonse adye atakhala tsonga, chibwano chitaweramira pang'ono, kasupuni kamodzikamodzi, ndipo akatha akhalebe tsonga theka la ola. Muziyang'ana m'tsaya lakumanja ngati mwatsalira chakudya, ndi kuwatsuka m'kamwa. Tsopano agwireni thupi, ndipo muwerenge kuti akupuma kangati pa mphindi imodzi. Ngati thupi latentha, kapena akupuma koposa ka 24, kapena akungogona osafuna kudzuka, Lachinayi musalidikire. Pitani lero ku chipatala cha boma, mukanene kuti ndi wa sitiroko ndipo akutsamwa, akawayeze kamezedwe ndi m'chifuwa. Mwina adzafuna kuwaika kachubu ka m'mphuno kodyetsera kwa masiku angapo, musakakane.

NaPhiri_Chamama
Thupi latentha, ndipo ndawerenga ka 28. Amalume apita kukasaka galimoto pa trading. Mankhwala a BP a madzulo ndiwamwetse tisananyamuke?

Namwino_waMtunthama
Ayi, musawamwetse kanthu panopa. Tengani mankhwala onse, kabuku ndi pepala la sikani lija, akakuuzani komweko. M'galimoto akhale chotsamira, asagone chagada.